Ankafuna Yankho Pofika Lachisanu

Mwana wanga wamkazi anandiposa msinkhu ali ndi zaka fotini. Ineyo si wamfupi, koma iye anatengera akuchikazi, anthu a ku Kasungu amene amawerama polowa m'nyumba zawo zomwe. Chaka chimenecho ndi chimenenso mayi ake anamwalira, ndipo zinthu ziwirizi ndimazikumbukira pamodzi: nsapato zimene zinkamuthina pakangotha miyezi itatu, ndi basi yopita kuchipatala ku Beaumont.

Basiketibolo anaiyambira kusukulu kuno ku Lucan, m'mphepete mwa mzinda wa Dublin. Ine masewerawo sindinkawadziwa. Kwathu atsikana ankasewera netibolo pabwalo lafumbi, ndipo poyamba ndinkayesa kuti ndi zomwezo, kungoti kuno amaloledwa kuthamanga ndi mpira. Mayi ake ndi amene ankapita kukaonerera, n'kubwerako mawu atasasa. Atamwalira ndinayamba kupita ine, Loweruka limene ndinalibe shifiti. Ndinkakhala pabenchi yakumapeto osavula jekete, ndipo anthu akaomba m'manja nanenso ndinkaomba. Zaka zimenezo zinthu zambiri ndinkazichita motero. Kutchalitchi anthu akaimirira ndinkaimirira. Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndinkasambitsa anthu, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi, ndipo palibe amene anadandaulapo za ine. Kupemphera sindinasiye. Mawu ankatuluka bwinobwino, koma mkatimu munali zii, ngati chibwano chimene adokotala a mano achibaya jakisoni.

Ndifotokoze kaye za alamu anga, mchimwene wa malemu mkazi wanga, chifukwa popanda iwo nkhaniyi siingamveke. Mtembo tinapita nawo kumudzi, Amalawi anzathu a kuno atasonkha. Maliro atatha, akuchikazi anakhala pansi kuti akambirane za mwana. Kwa anthu a mkazi wanga, ngati mmene zililinso kwathu, mwana ndi wa kwa mayi ake. Bambo amabereka, amalera, koma mwini mbumba ndi malume. Akanafuna akanatha kunena kuti mwanayo atsale, ndipo ngakhale mapasipoti akanatitulutsa m'dzikomo, mawuwo akanatilondola kulikonse. Koma alamu anati:

"Alamu, mwanayu ndi wathu, mukudziwa. Koma sukulu yake ili uko, ndipo bambo ake ndinu. Pitani naye mukatilerere. Chachikulu chikadzagwa, mudzatiuze, tidzalankhulepo chisanachitike."

Ndinavomera pamaso pa anthu. Ndinabwerera ku Dublin ngati munthu amene wasungitsidwa chinthu cha eni ake.

Chachikulucho chinabwera mwana ali ndi zaka seventini, mwezi wa Novembala. Kochi wa timu yake, mayi wa konkuno wolankhula mofulumira ngati akuthawa mvula, anali atatumiza mavidiyo a mwanayu kumakoleji a ku America. Anandipempha chilolezo, ine ndinati tumizani, osayembekezera kanthu. Koleji ina yaikulu inayankha. Inatuma munthu kudzamuonerera akusewera, ndipo tsopano inkafuna kulankhula ndi kholo.

Linali Lolemba, fo koloko masana. Tinakhala atatu patebulo la kukhitchini, ine, mwana ndi kochi wake, laputopu titaisanjika pamabuku kuti nkhope zioneke. Ndinavala taye. Kochi wa koleji ya ku America ija anali mayi wansangala, kapu ya khofi ili m'manja chifukwa kwawo kunali kudakali m'mawa. Anamuyamikira kwambiri mwana wanga. Anati ali ndi manja abwino, ndipo amaona mnzake amene ali pamalo abwino asanaone dengu. Anatchula zimene koleji idzalipire: sukulu, chipinda, chakudya, chipatala. Kenako anati masiku ano malamulo anasintha, osewera amalandiranso ndalama zawozawo, zina kuchokera kukoleji, zina kwa amalonda ofuna kugwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi cha wosewera. Anati kwa mwana wochokera kunja nkhani ya viza imavutitsa, koma ali ndi maloya odziwa njira yololedwa. Ndiye anatchula ndalamayo. Inali pafupi ndi zimene ndimalandira ine pa theka la chaka.

"Bambo, banja likuiona bwanji ndalama imeneyi?" anafunsa.

Kwathu nkhani ya mwana siyankhidwa tsiku limene yabwera. Ngakhale wofunsira mbeta amene mudzi wonse ukumufuna amauzidwa kuti tamva, mubwerenso. Komanso ine ndinakulira kumene pa mwana satchulirapo mtengo. Ndinayang'ana patebulo nthawi ndithu, kenako ndinanena m'Chingelezi changa kuti tamva, tidzayankha.

Mayi uja anamwetulira, n'kufunsa ngati pali koleji ina imene yatipatsa kale mawu. Sindinkadziwa ngati ilipo, choncho ndinangokhala duu. Kochi wa kuno anandiponda phazi kunsi kwa tebulo. Mayi wa ku America anayang'ana pambali, kwa munthu amene sitinkamuona, anabwereranso, n'kutchula ndalama ina yokwererapo.

"Ndaona kuti bambo amadziwa malonda," anatero akuseka. "Pamenepa ndi pothera panga. Koma ndinene zoona, malo ndili nawo amodzi, ndipo pali mtsikana wina amene akudikira. Ndikufuna yankho pofika Lachisanu, faifi koloko nthawi yanu."

Popeza mwana anali asanakwanitse zaka eyitini, pepala la mgwirizano ndi kolejiyo linkafuna dzina la kholo.

Laputopu itatsekedwa, kochi wa kuno anagwira mutu. "Ambuye wanga! Mwamukama mayiyo osatsegula n'kamwa komwe. Mudzandiperekeze tsiku logula galimoto." Mwana anadumpha mpaka anagunda nyali ya kudenga. Ndinadikira kuti nyaliyo isiye kugwedera, kenako ndinati:

"Ndiwauze kaye amalume ako."

Mwana wanga Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingelezi. Zimene ananena ndazilemba mmene ndinazimvera.

"Dadi, ankolo sanaonepo basiketibolo chibadwire."

"Sizikufunika kuti aione."

"Ndiye mukukawafunsa chiyani?"

"Sindikukawafunsa za mpira. Ndikukawafunsa za iwe."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kochi wake. Kochiyo anati palibe vuto, masiku anayi ndi ambiri, foni imodzi yokha basi. Inenso ndinkaona choncho.

Alamu ndi mlimi wa fodya. Novembala mvula ikagwa amakhala kumunda kuwokera, ndipo foni yawo amakaitchajitsa kusenta, ulendo wa ola lathunthu pa njinga. Ndinawaimbira madzulo omwewo, sinalowe. Ndinasiya uthenga wamawu pa WhatsApp. Unakhala ndi kachizindikiro kamodzi kotuwa mpaka Lachiwiri lonse.

Tsiku limenelo pa nthawi ya tiyi ndinamuuza mnzanga wa kuntchito, bambo wa ku Zambia amene takhala naye pa shifiti imodzi zaka zambiri. Anaika kapu pansi.

"Mudala, muli serious imwe? Sainani chabe! Ba malume muzabauza pambuyo."

"Ndinalonjeza pamaliro."

"Pamaliro aliyense amalonjeza. Ine ninalonjeza kuleka moba pamaliro ya batate. Munaniona pa Sunday?"

"Ndinakuonani."

"Ndiye apo. Mwana azankala pa TV, imwe muzaleka kusambika nkhalamba za bene. Koma Amalawi, mwe! Ndalama yakugogodani pa door, imwe mukuti yembekeza nifunse ku village."

Ndinaseka pang'ono kuti asaone ngati ndakhumudwa. Sindinakhumudwe.

Foni inalowa Lachitatu masana. Tinapatsana moni monga mwa nthawi zonse. Anandiuza za mvula, za mtengo wa feteleza, za mwendo wa mlamu wanga wamkazi umene unatupa. Nkhani ngati imeneyi munthu suiyamba moni asanathe. Itakwana nthawi yake ndinafotokoza zonse mwadongosolo.

"Ndiye kuti akumugula?" anafunsa alamu.

"Ayi, alamu. Akumulipirira sukulu, n'kumamupatsa kangachepe chifukwa cha masewerawo."

"Kangachepe kake kangati?"

Ndinawauza, n'kuwatembenuzira m'makwacha. Tambala analira kumbuyo kwawo.

"Nanga akakathyoka mwendo kumeneko, ndalamazo zipitirira? Sukulu ipitirira?"

Funso limenelo ine sindinalifunse Lolemba lija, ngakhale kuliganizira. Ndinawauza kuti ndikafunsa.

"Kuli wachibale aliyense kumeneko?"

"Kulibe."

"Nkhani yaikulu iyi, alamu. Mwachita bwino kutiuza, mlongo wanga sanalakwitse pa inu. Ndikhale pansi ndi azilongo anga. Wamkulu uja ali ku Mchinji kumaliro a apongozi ake, abwera kumathero a sabata."

"Akuti akufuna yankho Lachisanu."

"Lachisanu lomwe lino? Anthu amenewo ana alibe? Auzeni adikire pang'ono. Mwana si nkhuku yogula pawindo la basi."

Anaseka, nanenso ndinaseka. Za Lachisanu ndinazinena kamodzi kokha, ndiponso ndi mawu otsika. Mkamwini sathamangitsa eni mbumba. Ndikanatha kunena mosabisa kuti Lachisanu likadutsa malowo apita kwa wina ndipo sadzabweranso, kuti alankhule okha ngati mwini mbumba, azilongo awo adzamva pambuyo. Mawu amenewo ndinali nawo. Sindinawatulutse. Tinatsanzikana bwino.

Ndinapempha kochi wa kuno kuti afunse zinthu ziwiri, za mwendo ndi za kutiwonjezera masiku. Yankho linabwera tsiku lomwelo. Akavulala, sukulu ipitirira, ndipo anali okonzeka kulemba zimenezo papepala. Za masiku anapepesa. Mtsikana winayo nayenso anali ndi anthu ena omufuna, ndipo iwo sakanalola kutaya onse awiri.

Lachinayi ndinawaimbira alamu kawiri ndisananyamuke, foni inali yozima. Mwana anatsika atavala yunifolomu ya sukulu, n'kuika foni yake patebulo patsogolo panga. Pepala lija linali momwemo. Pofunika dzina langa panali kabokosi kachikasu, ndipo chinkangofunika ndi chala.

"Mami akanasaina," anatero.

Ndinaganizira zimenezo moona mtima. Mayi ake ndi amene ankakuwa kubwalo mpaka kusasa mawu. Koma ndi iwonso amene sankagula ngakhale malata a nyumba ya kumudzi asanamve mawu a mchimwene wawo.

"Sindikudziwa," ndinatero.

Anayamba kulira ataimirira pomwepo, mutu utatsala pang'ono kukhudza pamwamba pa chitseko. Ndinkamuona bwinobwino. Ndinkadziwa kuti bambo pamenepa amayenera kumva kanthu kena, kaya chisoni, kaya mkwiyo, kamene kangamukankhe kuti agwire foniyo kapena aikankhire kutali. Ndinadikira, sikanabwere. Ndinamufunsa ngati wamwa tiyi. Anatenga foni yake n'kutuluka.

Lachisanu ndinali pa shifiti ya tsiku lonse. Mafoni timasiya m'malokala. Pa nthawi yopuma, cha m'ma firii koloko, ndinapeza kochi wa kuno atandiimbira kanayi, ndi uthenga wochokera kwa mwana wa mawu amodzi okha: chonde. Ndinawaimbira alamu, sinalowe. Ndinalowa m'kachipinda kosungiramo mashiti a pabedi, n'kupemphera nditaimirira pakati pa mashelefu. Ndinapempha kuti foni ya alamu iyake. Sindinapemphe kuti ndidziwe chochita, chifukwa ndinkaona ngati ndikuchidziwa kale. Ndinabweza foni mulokala, n'kubwerera kuntchito.

Chakudya chamadzulo kumeneko chimayamba hafu pasiti folo. Ndinkadyetsa bambo wina wokalamba amene kale ankayendetsa basi za mumzinda uno. Ameneyo amameza pang'onopang'ono, ndipo ukamufulumizitsa amatsamwa. Wotchi inali pakhoma, pamwamba pa mutu wake. Faifi koloko inakwana ndikumupukuta supu pachibwano. Anandifunsa ngati kunja kukugwa mvula, ndinati eya, pang'ono. Tinapitiriza mpaka mbale inatha.

Uthenga wa ku America unafika Loweruka. Unali waulemu kwambiri. Anati amufunira zabwino zonse mwana wanga, ndipo malo aja apereka kwa wina.

Alamu anaimba Lachiwiri lotsatira, pa vidiyo, chinthu chimene sachita kawirikawiri chifukwa chimadya bandulo. Anali atavala jekete ya kutchalitchi. Kumbuyo kwawo kunali azilongo awo awiri atakhala pamphasa.

"Alamu, takhala pansi, takambirana. Mwanayo apite."

Azimayi aja analulutira. Alamu anakweza dzanja kuti amalize.

"Apite ndi madalitso athu. Asakaiwale tchalitchi, ndipo asananyamuke atiimbire timuone nkhope. Inu alamu, mwatilemekeza. Ena akangokwera ndege amaiwala kuti mwana ali ndi kwawo."

Ndinathokoza, n'kuthokozanso aliyense payekha monga mwa mwambo. Sindinawauze kuti malowo anapita kale masiku anayi apitawo. Iwo anachita zonse mwadongosolo, ndipo pa nkhani yotere sabata imodzi kwathu ndi changu chachikulu. Wamkulu uja anachoka kumaliro asanamalize zonse chifukwa cha mwana wanga. Kuwauza kukanakhala kuwasenzetsa katundu amene sanali wawo. Mwana anali m'chipinda chake, ndipo nyumba zathu kuno makoma ake ndi opyapyala. Nthungululu zija anazimva.

Nyengo yozizira inadutsa motero. Mwana ankandilankhula zofunika zokha, monga kuti mkaka watha kapena kuti abwera mochedwa. Masewera sanasiye. Ine ndinkapitabe Loweruka. Kochi wake ankandipatsa moni ndi mutu chabe. Mnzanga wa ku Zambia uja sananenepo kuti ndinakuuzani, ankangondipangira tiyi asanapange wake. Tsiku lina tikudya, mwana anandionetsa chithunzi pa foni, mtsikana wina wamtali atavala malaya a koleji ija, makolo ake ataimirira uku ndi uku akumwetulira. Ndinachiyang'ana, n'kumubwezera foniyo.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi pa basi, popita ndi pobwera. Mayi wa ku America anali ndi timu yoti aidzaze, ndipo anatiuza zoona kuyambira pachiyambi. Alamu anafunsa mafunso abwino kuposa anga. Ine ndinasunga mawu amene ndinanena pafupi ndi manda a mkazi wanga. Abusa athu nditawafotokozera anati Mulungu ali ndi njira zake, ndipo ndinavomera, chifukwa ndimakhulupirira zimenezo. Koma sindinganene kuti ndi Mulungu amene anatsitsa mawu anga Lachitatu lija pa foni. Mwina ndikanakhala munthu amene ndinali mkazi wanga ali moyo, ndikanalimbikira. Mwinanso ayi. Mpaka lero sindinagamule.

Mwana anakwanitsa zaka eyitini mu Febuluwale. Mu Malichi, tsiku lina ndikutsuka mbale, anabwera kudzaima pambali panga n'kutenga kansalu kopukutira.

"Ndasaina," anatero.

"Kuti?"

Anatchula dzina la koleji imene sindinaimvepo. Anati ndi yaing'ono, ili kumpoto kwenikweni, pafupi ndi malire a Canada. Adzamulipirira sukulu, chipinda ndi chakudya. Ndalama ya m'manja palibe, ndipo tikiti ya ndege tidzagula tokha. Analankhula nawo yekha, katatu, ali m'galimoto ya kochi wake, ndipo atamupatsa theka la sukulu poyamba iye anakana mpaka anavomera yonse.

"Sanafune dzina langa?"

"Ayi, Dadi. Safunanso."

Ndinatsuka mbale imene inali m'manja mwanga, n'kumupatsa. Anaipukuta.

"Kumeneko kumazizira?"

"Kwambiri. Kuposa kuno."

"Ndiye tikagule jekete masitolo asanachotse za nyengo yozizira. Pano atsitsa mitengo."

Tinapita m'tauni Loweruka, masewera atatha. Tinalowa m'masitolo atatu. Majekete onse a akazi manja ake ankathera pamwamba pa mfundo za dzanja, ndipo iye ankatambasula mikono kundionetsa. Musitolo yachinayi tinakwera kumtunda, kumbali ya amuna. Mayi wogulitsa anatenga jekete yakuda yochindikala n'kuiyeza paphewa panga. Ndinamuuza kuti si yanga, ndi ya mwanayu, akupita kukoleji ku America kukasewera basiketibolo. Mayiyo anati ndiyenera kuti ndikunyadira kwambiri. Ndinati eya.

Mwana anaivala, n'kukweza manja onse awiri m'mwamba ngati akuponya mpira, kuti aone ngati ikoka kumsana. Sinakoke. Ndinalipira, ndipo anakana thumba, anati apita ataivala. Tinatsika kukadikira basi ya ku Lucan.